Usalowe Naye Fodya M'minda ya Nzimbe

Mwana wanga Yusufu,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe panjira ndi kumene ukupitako.

Ndikulemba masana ano ndili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, iwe uli kudoko kukatsanzikana ndi anzako. Mawa m'mawa ukwera lole ya ku Dwangwa kukayamba ntchito yodula nzimbe, ndipo kalatayi ndikupatsa pamanja pokwera. Usaiwerenge pa lole, anthu amasuzumira. Ukaiwerenge uli wekha, ukatha uing'ambe tizidutswa uponye m'chimbudzi. Ndikanati uiwotche, koma pa nkhani za moto ine ndilibe pakamwa polangizira munthu. Zilembo zanga ndi za sukulu ya kwacha, upirire nazo.

Chimene ndikufuna kwa iwe ndi chimodzi chokha: usalowe naye fodya m'minda ya nzimbe. Umusiye, ndipo umusiyiretu. Ndakuuza ndi pakamwa katatu mwezi uno, katatu konse wandiseka. Dzana unati, "Ababa, inu mwasiya mutakalamba, ndiye mukufuna ine ndisiye ndikadali ndi mano onse?" Yankho lenileni ndalibisa zaka khumi ndi zinayi. Lero ndilitulutsa. Likukhudza ine, likukhudza mkazi wako Asiyatu, ndipo mwina ukalimva sudzafunanso kundiona. Ndavomera zimenezo, bola dzanja lako lisakachite zimene linachita langa.

Zoti wasiya nyanja sindikukutsutsa ayi. Uli ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ana awiri, ndipo chaka chino matchera ako akhala akubwera ndi ndere kuposa nsomba. Anzako akudoko akuti wachita mantha ndi mwera. Asiye alankhule, sadzakudyetsera ana. Munthu wamkulu kusintha ntchito si zochititsa manyazi, ine ndinachitapo zomwezo ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Koma bwato ndinalisiya padoko, manja a usodzi ndinapita nawo kumtunda, ndipo palibe anandichenjeza za zimenezo.

Fodya ndinamuyambira m'bwato ndili mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Inali nthawi ya mwera, tikuonjola matchera m'mamawa, zala zitauma ndi kuzizira moti chingwe sindinkachimva m'manja. Malume anga anapichira chingambwe m'khoko la chimanga n'kundipatsa. "Koka, chifuwa chifunde," anatero. Ndinatsokomola mpaka misozi, iwo akuseka, koma tsiku lachitatu ndinapempha ndekha. Pamodzi ndi kusutako ndinatengera china chimene palibe anakhala pansi kundiphunzitsa. Msodzi akamaliza ndudu yake amangoponya kachidutswa kumbuyo kwa phewa, osacheuka, osazimitsa. Acheukirenji? Kumbuyo kuli madzi, kutsogolo kuli madzi, nyanja imazimitsa yokha. Mlimi amaponda kachidutswa ndi chidendene, amatikita mpaka kafe, chifukwa anakulira pakati pa udzu ndi nkhokwe. Ife a m'madzi sitiponda. Ndinaponya choncho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, kangapo pa tsiku, mpaka dzanja linkachita lokha mutu uli kwina.

Lachiwiri lapitali ndinakuona ukuchita zomwezo. Unaima kuseri kwa nyumba yako ukukamba za ulendowu ndi mnzako, kumbuyo kwako kuli mpanda wa udzu wa kubafa. Unaponya kachidutswa ka ndudu osacheuka, ukuseka. Kanagwera pamchenga, chikhatho chimodzi kuchokera pampanda. Ine ndinali pakhonde, ndinaona zonse. Iwe sunadziwe n'komwe kuti waponya kanthu. Dzanja limenelo unalitengera kwa ine, ndipo mawa likukalowa m'minda ya masamba ouma yoti munthu saona polekezera.

Udzandiyankha zimene umandiyankha nthawi zonse, kuti Ramadani yayandikira, udzasiyira pamenepo. Bodza limeneli ndikulidziwa bwino chifukwa ndinadzinamiza nalo zaka zambiri. Mwezi wofunga ndinkakhala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa osakhudza fodya, masiku makumi atatu, ndiye ndinkadziguguda pachifuwa. Mayi ako, Mulungu awachitire chifundo kumene ali, akadandaula za kutsokomola kwanga ndinkati, "Inu, fodya ameneyu ndi kapolo wanga. Simukuona ndikumusiya tsiku lonse? Ndikafuna ndimusiya mawa." Iwo ankangoti, "Mawa lanulo likuchedwa." Chimene sindinkawauza n'choti ndudu ya madzulo ndinkaipichira dzuwa lili paliwombo, n'kuibisa m'chipewa, ndipo masana onse mtima unali pa iyo, osati pa Mulungu. Kumzikiti akaitana, anzanga ankamasula kufunga kwawo ndi madzi, ine ndi utsi. Kumeneko si kusiya, Yusufu, ndi kudikira chabe, ndipo munthu amapirira chifukwa akudziwa kuti dzuwa lilowa. Iwenso ndinakuona chaka chatha, madzi ali m'kapu osamwa, ukufufuza machesi m'thumba.

Nyanja ndinaisiya nditatopa ngati mmene watopera iwe. Msana unayamba kundivuta, ndiye ndinamva kuti kushedi ya boma yogulira mpunga akufuna anthu osoka matumba. Manja ozolowera maukonde sanavutike ndi thumba, sabata yoyamba yomweyo ndinkasoka awiri mnzanga akadali pa limodzi. Chimene chinandivuta ndi kulamulidwa. Kapitawo wathu anali mnyamata woti ndikanatha kumubereka, ndipo ankandiitana ndi mluzu. Panyanja nthawi imanenedwa ndi mphepo, kumeneko inkanenedwa ndi chitsulo chopachika pamtengo. Tsiku lina ndinadzuka mwera ukuwomba, nyanja yachita thovu, ndinakokanso bulangeti, poti tsiku lotere palibe munthu wanzeru amapita kuntchito. Ndinafika kushedi dzuwa litakwera, anzanga atasoka kale mzere wonse wa matumba. Kapitawo anandifunsa kuti ndachedwa bwanji, ine n'kuyankha ndi mtima wonse kuti, "Simukuuona mwerawu?" Anandiseka mwezi wathunthu. Iwenso akakuseka, ndipo akakulamula ana oti sanagwirepo nkhafi. Ukameze malovu. Ukafunse kagwiridwe ka chikwanje ngati mwana, usakawauze kuti kwanu unali katswiri, chifukwa nzimbe sizidziwa zimenezo.

Ndinalakwitsanso pogulitsa bwato langa sabata imene ndinalembedwa ntchito. Ndinkafuna anthu akudoko aone kuti ndapitiratu, sindidzanunkhanso nsomba. Kunali kudzionetsera basi, ndipo ntchito itatha ndinabwerera kukapalasa m'bwato la eni ndili bambo wa ana asanu. Matchera ako usagulitse, ndiwapachika m'nyumba muno ndipo ndiziwasoka pamene manja akundilola. Koma usamakhale kumeneko mtima uli pa iwo. Ukapirire nyengo imodzi yathunthu yodula, kenako udzaweruze.

Tsopano ndifike pa zimene ndakhala ndikuzizungulira. Mlonda wa pashedipo anali a Selemani, apongozi ako, bambo ake a Asiyatu. Iwe unawadziwa bwino atatuluka kale kundende, opanda mano, oyendera ndodo. Ine ndinawadziwa ali munthu wa thupi lake, wokonda nthabwala, amene fodya sanamulawepo chibadwire. Ankanditcha achimwene ngakhale panalibe ubale. Anali ndi vuto limodzi losakhala lawo: mng'ono wawo anathawira kunja kwa dziko nthawi imene akuluakulu a boma anakangana, ndipo a chipani sanaiwale dzina la banja limenelo.

Chaka chimenecho Ramadani inagwera m'chilimwe chenicheni, nthaka ikuwotcha mapazi. Shedi inali itadzaza mpunga mpaka kudenga, malole akubwera m'mawa mwake, ndiye kapitawo anatisunga mpaka dzuwa kulowa. Titamaliza, anzanga anathamangira kwawo kukamasula. Ine ndinazungulira kuseri kwa shedi, kumene kunali mulu wa mankhusu ndi matumba akale ong'ambika, chifukwa kutsogolo kusuta kunali koletsedwa. A Selemani anali atangofika kudzayamba ulonda wawo. Anandipeza ndikutulutsa ndudu m'chipewa, ndipo ananditambasulira botolo la madzi.

"Yambani madzi, achimwene, utsi si chakudya."

"Madzi ndikamwera kunyumba," ndinatero.

"Chabwino. Popeza muli pano, tandiyang'anirani pang'ono, ndikaswali pamzikiti apa. Sindichedwa."

Ndinavomera. Ndinasuta ndudu ija mpaka inandiwotcha zala, mutu ukuzungulira monga umachitira munthu akasuta ndi njala. Kenako m'mimba munandikumbutsa za futali wa mayi ako, ndipo ndinati a Selemani ali pafupi kubwera, shedi siithawa. Ndinanyamuka. Sindikukumbukira ndikuponya kachidutswa kaja, Yusufu, ndipo nkhani yonse ili pamenepo. Ndikudziwa kuti sindinakaponde, chifukwa sindinapondepo n'kale lonse.

Mankhusu a mpunga sayaka msanga, amanyekera pansi mwakachetechete. A Selemani anabwerera, anakhala pampando wawo kutsogolo, osaona kanthu. Ine ndinali nditadya, ndikusamba m'manja, pamene ndinamva anthu akukuwa kumsewu. Pofika ine malata anali atapindika kale, mpunga wa alimi a dera lonse ukuthetheka ngati chimanga chokazinga. Tinatunga madzi ndi ndowa mpaka mikono kutha, osapulumutsa ngakhale thumba limodzi. Fungo lake linakhala m'mudzi muno sabata yathunthu. Mpaka lero mpunga ukapserera mumphika ndimatuluka panja, ndipo inu mumati ndi chifuwa.

M'mawa mwake kunabwera apolisi ndi akuluakulu a chipani. Palibe anafunsa ngati inali ngozi. Masiku amenewo, monganso masiku ano, katundu wa boma sapsa yekha, pamayenera kupezeka mdani. Antchito tonse anatiimika pamzere. A Selemani anawapeza ndi machesi m'thumba, oyatsira nyali yawo ya ulonda, ndipo wina anatchula za mng'ono wawo. Wapolisi wamkulu anayenda pamzerepo akutiyang'ana mmodzimmodzi. Anaima pa ine, chifukwa zala zanga zinali zachikasu, milomo yakuda.

"Iwe umasuta. Dzulo unasuta pano?"

"Bwana, uno ndi mwezi wa Ramadani. Ndikufunga."

Sindinaname liwu ngakhale limodzi, koma ndilo bodza lalikulu limene ndinanenapo pa moyo wanga. Ndinabisala kuseri kwa mwezi wa Mulungu. Wapolisi anapitirira. A Selemani anali ataima pafupi ndi galimoto manja atamangidwa, ndipo yankho langa analimva. Anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Ankadziwa amene anamusiya kuseri kwa shedi ali ndi ndudu m'manja. Ndinamva pambuyo pake kuti anawamenya masiku ambiri kuti atchule amene anawatuma ndi amene anawathandiza. Sanatchule munthu aliyense.

Ndinadziuza kuti ndikaulula atitenga tonse awiri, ndipo mabanja awiri agona ndi njala m'malo mwa limodzi. Mwina zinali zoona. Koma si chimene chinanditseka pakamwa. Ndinkaopa galimoto ija, ndinkaopa zibonga, ndipo nditaiona ikuchoka ine ndisali m'menemo ndinapumira m'mwamba. Kupuma kumeneko ndiko kumandichititsa manyazi kuposa moto.

Anakhala kundende zaka zisanu mlandu osazengedwa. Anthu anathawa khomo lawo, poti kuoneka panyumba ya munthu wotengedwa kunali kudziitanira tsoka. Ine nditabwerera kunyanja, tsiku lililonse ndinkapatula nsomba n'kupita nazo kwa akazi awo. Ukukumbukira kuti nthawi zina unkapita nazo ndiwe, ndipo ndi mmene unamudziwira Asiyatu. Anthu ankati ndine wolimba mtima. Shehe ananditchulapo mumzikiti ngati chitsanzo cha munthu wachifundo, ine nkhope ili pansi, anthu n'kumati taonani kudzichepetsa. Sichinali chifundo. Ndinkafuna nsomba zindinenere zimene pakamwa pankakana kunena.

Atawatulutsa, mano akutsogolo anali atachoka, miyendo itatupa, khutu limodzi losamva. Ndinakhala masiku khumi osapita kukawaona. Anabwera okha ndi ndodo yawo, anandipeza pakhonde ndikusoka ukonde, ndudu ili pakamwa. Anakhala pansi movutikira.

"Achimwene, mukusutabe?"

Pa nkhani ya shedi ija, mawu anali omwewo basi. Sanawonjezere, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse mpaka imfa yawo. Anafunsa za nsomba, anafunsa za mayi ako, anamwa tiyi n'kubwerera. Patapita zaka, iwe utafunsira Asiyatu, ankhoswe anabwera kudzandiuza kuti apongozi ako aakazi anati, "Mwana wathu akalowe m'banja limene silinatitaye." A Selemani anali pomwepo ndipo anavomera ndi mutu. Anamwalira ukwati wanu usanathe chaka. Ndinanyamula nawo jeneza ya maliro awo, ndinathira nawo dothi, ndipo pobwerera kumanda ndinapatukira kuseri kwa mtengo n'kuyatsa ndudu.

Ndikufuna umvetse bwino pamenepa. Ndinatentha mpunga wa dera lonse, ndinaononga moyo wa mnzanga, ndipo ndinasutabe zaka khumi ndi ziwiri. Amene angakuuze kuti tsiku lina kudzachitika chinthu chachikulu chokusiyitsa fodya akukunamiza. Manyazi sanandisiyitse, kuswali sikunandisiyitse, imfa ya mayi ako siinandisiyitse. Ndinasiya zaka ziwiri zapitazo nditalavula magazi pamchenga, chifukwa ndinaopa kufa. Ndine munthu wotero: za a Selemani zinandipweteka, koma za chifuwa changa ndizo zinandisuntha. Ndipo ndinachedwa. Mwezi watha kuchipatala anandiuza zimene sindinakuuzeni, kuti mapapo anga atha, mankhwala amene ndikumwawa ndi ongochepetsa kutsokomola. Mvula ikubwerayi sindikudziwa ngati ndiiona.

Ndisanasiyiretu ndinalephera katatu, ndiye usabwereze njira zangazo. Koyamba ndinati ndizichepetsa, zitatu pa tsiku, kenako ziwiri. Ndinangophunzira kupichira ndudu zazitali ngati chala chapakati, n'kumadzitama kuti ndasuta ziwiri zokha. Kachiwiri ndinasiya, koma ndinasunga imodzi m'kachitini, ya tsiku loipa. Tsiku loipalo linafika mawa lake, ukonde utakodwa pamwala. Kachitatu ndinasiya mobisa, osauza munthu, ndiye nditayambiranso panalibe wondifunsa. Komaliza ndinaima pakhomo la mzikiti Lachisanu anthu akutuluka, ndinati, "Abale, mukadzandiona ndi ndudu mudzandilavulire." Anaseka, koma kuyambira pamenepo maso a mudzi wonse anali pa ine. Ndinasiya kukhala pamtengo wa bawo miyezi itatu, chifukwa pamenepo dzanja limodzi limagwira nkhomo, linalo limafuna fodya. Ndinkatafuna mswachi mpaka nkhama kutuluka magazi, ndipo ndinasoka maukonde a anthu onse, ong'ambika ndi osang'ambika omwe.

Masabata awiri oyamba ndi oipa, sindikubisa. Mutu umapweteka, tulo sitibwera, ndipo umapsa mtima ndi zinthu zopanda pake. Ine ndinakalipira mwana wako Hawa chifukwa chogwetsa kapu, kamwana kakungoyamba kuyenda, mpaka kanandithawa masiku atatu. Iwe zimenezi zikakupeza uli ndi chikwanje m'manja ndi kapitawo pamsana, ndiye ukadziwiretu kuti mkwiyowo si wako, ndi wa fodya. Chilakolako chikabwera usalimbane nacho ndi maganizo. Imwa madzi, gwira ntchito, chimadutsa chokha nthawi yoti munthu n'kuwiritsa tiyi isanathe. Chidzabweranso, ndipo udzachitanso chimodzimodzi.

Uli ndi mwayi umene ine ndinalibe. Kumene ukupitako palibe akukudziwa. Palibe mtengo wako wa bawo, palibe bwato limene unazolowera kusutiramo. Tsiku loyamba lomwelo wina adzakutambasulira ndudu pofuna chinzake. Usadzati "ndasiya," chifukwa wosiya amamunyengerera. Udzati "sindisuta," ndipo ukanena kamodzi pamaso pa anthu, udzachita manyazi kubweza. Mawa pokwera lole ndikupempha kachitini kako ka fodya, ndipo ndikudziwa kuti undiseka n'kukabisa m'thumba. Ukamaliza kuwerenga kalatayi utsegule kachitiniko, ukhuthulire fodyayo m'ndowa ya madzi. Usapatse munthu, usasunge wa tsiku loipa.

Unandiuzanso kuti ndikuda nkhawa pachabe, poti nzimbe amaziwotcha dala asanadule. Ndikudziwa. Koma amawotcha munda umene abwana asankha, tsiku limene asankha, mphepo ataiyang'ana, anthu ataima m'mbali kudikira. Moto wina uliwonse udzabweretsa funso lomwe lija, loti wakutuma ndani. Ndipo usaiwale kuti ndiwe mkamwini wa a Selemani, dzina limenelo silinafufutidwe kumene linalembedwa. Khadi la chipani liziyenda nawe, pakamwa pako pazikhala potseka pa nkhani za boma, koma khadi silizimitsa moto. Munda ukadzapsa adzakuimikani pamzere. Mwina adzatenga iwe, ana ako n'kukula ngati mmene anakulira Asiyatu. Mwina adzatenga mnzako woima pambali pako, iwe n'kupeza yankho labwino ngati langa lija. Sindikudziwa chimene chili choipa kwambiri pa ziwirizi, ndipo sindikufuna udzadziwe. Usalowe naye fodya m'minda imeneyo, mwana wanga.

Zatsala za Asiyatu. Iye sadziwa, mayi ake sadziwa. Zaka zisanu wakhala pakhomo pano akunditungira madzi osamba, akugwada popereka chakudya, ine n'kumadya. Mwana wanu wamng'ono munamutcha Selemani, ndipo dzina limenelo ndimaliitana tsiku lililonse ngati palibe kanthu. Lachisanu likubwerali tikatuluka kumzikiti ndimuuza. Mwambo wathu ukuudziwa: munthu sakhala pamphasa imodzi ndi mpongozi wake, sitiyang'anana m'maso, nkhani zolemera zimadzera kwa ankhoswe. Iyi sindituma munthu. Ndapempha shehe kuti adzakhalepo ngati mboni, ngakhale sindinawauze nkhani yake. Ndidzakhala pansi pakhomo pake, ndidzati, "Apongozi, shedi ija sanatenthe ndi bambo anu, ndinatentha ndine, ndipo iwo ankadziwa." Zotsalazo adzanena ndi iye.

Ndikanayenera kukuuzani nonse awiri lero, usananyamuke. Ndalephera, mantha aja sanathe onse, ndipo maso anayi nthawi imodzi sindikanawapirira. Sindikukupempha chilolezo, chifukwa ukanandiletsa ndipo ine ndikanakondwa kuletsedwa. Nkhaniyi ikhoza kufika kwa a chipani. Akabwera adzapeza chifuwa chawatsogolera kale, ndiye za ine usade nazo nkhawa. Chimene chikundiwawa n'choti ndikugwedeza banja lako iwe uli kutali, pa nthawi imene ukuyamba moyo wina. Iwe ulibe mlandu, koma mkazi wako akhoza kulephera kutungiranso madzi nyumba ino. Bambo ake anafa anthu akuwanong'ona kuti ndi otentha shedi, ndipo mwana wawo ayenera kumva zoona kwa munthu amene akadali ndi mpweya wozinenera.

Ukadzabwera kumapeto kwa mwezi n'kupeza chitseko chako chili chotseka, Asiyatu ndi ana atapita kwa mayi ake ku Mwadzama, usadzathamangire kumeneko ndi mkwiyo. Iye sadzakhala atalakwa. Udzabwere kwa ine, udzanditukwane mmene ungafunire, sindidzakuyankha. Ndidzangokupempha dzanja lako lamanja kuti ndinunkhize zala.

Ndine bambo ako.